N'chifukwa chiyani nyimbo zimathetheka pakompyuta hard disk ikatanganidwa?

Aliyense amene amaima pa timashopu toikira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni kuno ku Mangochi, kaya ndi paboma, kwa M'baluku kapena ku Monkey Bay, phokoso ili analimvapo. Sipika ili pakhomo, nyimbo ikumveka bwinobwino. Wafika munthu ndi memori khadi, mwini shopu wayamba kukopa mafilimu, basi nyimbo ija yayamba the-the-the, pena kudukaduka ngati ikufuna kuima. Kukopa kukangotha, mawu ayeranso. "Achimwene, sipika yanuyi yatha ntchito," amatero kasitomala. Mwini shopu akamva zimenezi kangapo amakagula ina, ndipo yatsopanoyo imangoyambira pomwe inalekezera inzake.

Vuto lomweli limawasowetsa mtendere a DJ a m'maukwati, komanso anyamata ojambula makwaya ndi magulu a kaswida m'masitudiyo a chipinda chimodzi. Ukafunsa, wina akuti ndi vayirasi, wina akuti Windows yatopa ndiye ifomatidwe, wina akuloza magetsi. Nthawi zina mmodzi wa iwo amalasa, koma mwamwayi chabe. Chosokoneza n'chakuti pali mavuto awiri osiyana kotheratu amene khutu limawamva mofanana. Loyamba ndi phokoso la magetsi lolowerera m'njira ya mawu. Lachiwiri ndi kuchedwa, kompyuta kulephera kupereka mawu pa nthawi yake. Chothetsa loyamba sichikhudza n'komwe lachiwiri, ndiye ndalama zimangopita munthu akayamba kugula zida asanadziwe kuti lake ndi liti.

## Disiki ikamagwira ntchito imatani?

Hard disk, imene pano tizingoti disiki, ndi kabokosi kachitsulo kosunga Windows, mapulogalamu, nyimbo ndi zonse zimene sizifufutika kompyuta ikazima. M'kati mwake muli timbale tosalala topakidwa zamaginito, ndipo mota imatizungulitsa ka 5,400 kapena ka 7,200 pa miniti. Pamwamba pa kambale kalikonse pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, kali kunsonga kwa kamkono. Kamkonoko kamakankhidwa uku ndi uku ndi koilo ya waya yokhala pakati pa maginito amphamvu. Kampani ya IBM ndi imene inatulutsa makina oyamba a mtundu uwu mu 1956, ndipo ngakhale a lero akukwana m'thumba la malaya, kagwiridwe kake ka ntchito n'komweko.

Disiki imadya magetsi modumphadumpha. Yaikulu ya mainchesi 3.5, ya m'makompyuta a patebulo, imalandira 12V yoyendetsera mota ndi 5V ya tizipangizo take tina. Yaing'ono ya mainchesi 2.5, ya m'laputopu, imadalira 5V yokha. Kamkono kakanyamuka, kuthamanga, n'kuima mwadzidzidzi, mphamvu imene disiki ikukoka imakwera n'kutsika kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Disiki imadikiritsanso. Kambale kozungulira ka 7,200 pa miniti kamamaliza ulendo umodzi pa mamilisekondi 8 ndi pang'ono, ka 5,400 kamatenga mamilisekondi 11. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Onjezanipo nthawi yoti kamkono kafike pamzere woyenera. Kwa munthu si kanthu, kuphethira kwa diso n'kotalika kwambiri kuposa pamenepo, koma kwa mawu ndi nthawi yaitali.

## Yesani kaye kuli zii

Kuyesa kumene kumalekanitsa mavuto awiriwa sikulira ndalama. Tsegulani nyimbo, koma tsitsani volume ya pulogalamu yoimbirayo mpaka pa 0, nyimboyo ikuyendabe. Sipika kapena ampu muisiye yoyaka, muikweze pang'ono kuposa masiku onse, ndipo ngati mwavala mahedifoni samalani makutu. Tsopano kopani filimu yaikulu kuchoka m'foda ina kupita m'foda ina, maso ali pa kanyali ka disiki kamene kamaphethira kutsogolo kwa kompyuta.

Mukamva tsi-tsi-tsi kapena katswiii kopyapyala kotsatira kuphethira kwa kanyaliko, chonsecho nyimbo sikumveka, vuto lanu ndi la magetsi. Kawirikawiri mupeza kuti kaphokosoko kamasinthanso mukagwedeza mausi kapena mukamatsitsa tsamba pa intaneti. Koma ngati kuli zii ndithu, ndipo kuthetheka kukubwera pokhapokha mawu akamamveka, ndiye kuti ndi kuchedwa. Tikusiya nyimbo ikuyenda m'malo moiimitsa chifukwa makompyuta ena amagonetsa kachipangizo ka mawu pakakhala palibe choimba, ndiye mutha kumva bata labodza.

Pali maphokoso ena awiri oti musawasokoneze ndi awa. Kung'ung'udza kwa mmmm kosalekeza, kosasamala kuti disiki ikutani, kumachokera ku magetsi a pakhoma, amene kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Linalo silitulukira m'sipika n'komwe. Ikani khutu pabokosi la kompyuta. Kakwere-kwere kapansipansi disiki ikamawerenga n'kachibadwa chake. Koma tcha, tcha, tcha wobwerezabwereza, uku kompyuta ikumaima kaye, ndi disiki imene ikufa. Zikatero siyani za mawuzi, yambani kusamutsa mafayilo anu lero lomwe.

## Phokoso lodzera m'magetsi

M'kati mwa kompyuta nyimbo ndi manambala chabe. Imasanduka magetsi oyenda m'chingwe pamapeto penipeni, pa kachipangizo kakang'ono kokhala pa bodi yaikulu ya kompyuta, kamene m'makina ambiri n'kopangidwa ndi kampani ya Realtek. Manambala sawonongeka ndi kaphokoso kochepa, 1 amakhalabe 1. Koma mawu akangosanduka magetsi amakhala ofooka. Opita ku ampu amakhala cha m'ma 1V, ochokera ku maiki ndi tizigawo tochepetsetsa ta 1V. Tsono kachipangizo kaja kamatenga mphamvu ku power supply (bokosi logawa magetsi m'kompyuta) imodzimodzi ndi disiki, purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi khadi ya zithunzi, ndipo magetsi a zonsezi amabwerera kudzera njira imodzi yotchedwa ground. Disiki ikakoka mphamvu modumpha, njira yobwererayi imagwedezeka pang'ono. Ampu sidziwa kuti ichi ndi nyimbo, ichi ndi disiki. Imangokweza zonse.

Yambirani pa zosalipira. Ngati chingwe cha sipika chili pa bowo lakutsogolo kwa bokosi, chisamutsireni kumbuyo. Mabowo akumbuyo ali pa bodi penipeni, pomwe akutsogolo amalumikizidwa ndi kachingwe kodutsa m'kati mwa bokosi, nthawi zambiri kopanda chotchinga chokwanira, kogona pafupi ndi zingwe za disiki. Wokonza makompyuta akazimitsa makina, n'kuzula pulagi, n'kutsegula bokosi, amangokapatula kachingweko n'kukamangirira kumbali, phokoso n'kutsika.

Kenako tsekani makomo a mawu amene simukuwagwiritsa ntchito. Mu Windows pitani pa Sound, tsamba la Recording, muyang'ane Microphone ndi Line In. Chotsani chizindikiro pa Listen to this device, mutsitsenso Microphone Boost. Bowo la maiki lopanda kanthu koma lokwezedwa mpaka +30 dB limatola phokoso lililonse la m'bokosimo.

Palinso chizolowezi chimene ndimachiona pafupifupi paliponse: volume ya Windows ili pansi, ya ampu ili kumwamba. Ziyenera kukhala mosemphana. Phokoso la magetsi lili ndi msinkhu wake umodzi, silitsika mukatsitsa Windows. Mukatulutsa nyimbo yofooka n'kukaikwezera pa ampu, mwakweza ndi phokoso lomwe. Ikani Windows cha m'ma 80 kapena 90, ampu muitsitse.

Pa laputopu, zulani tchaja kuti ikhalire batire yokha. Phokoso likatha pomwepo, mwachepetsa oganiziridwa kufika pa awiri. Woyamba ndi tchaja yeniyeniyo, makamaka zopepuka zotchipa zija, zimene opanga ake amadumpha tizipangizo tosefa phokoso. Bwerekani tchaja yeniyeni ya mtundu womwewo muyese. Wachiwiri ndi chimene akatswiri amati ground loop. Kompyuta ndi ampu zimakhala zalumikizana kawiri, kudzera m'chingwe cha mawu komanso kudzera mu waya wa earth wa m'mapulagi awo. Njira ziwirizi zimapanga mkombero, ndipo magetsi osochera amazungulira mmenemo, kudutsa m'chingwe cha mawu chomwecho. Lumikizani kompyuta, mikisa ndi ampu pa ekisitenshoni imodzi m'malo mwa masoketi a makoma osiyana. Zikakanika, pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kamene kamaikidwa pakati pa chingwe cha mawu. M'kati mwake muli tima transformer timene timaolotsa mawu popanda chitsulo kukhudzana ndi chitsulo. A mikisa amadziwa DI box, imene imagwira ntchito yofananayo. Pa mtunda wautali, monga kuchoka patebulo la DJ kukafika pa ampu, zingwe za XLR zimaposa wamba chifukwa zimanyamula mawu kawiri, ena atatembenuzidwa, ndipo cholandira chikawaphatikiza phokoso lotoledwa m'njira limafafanizika. Izi zimatheka pokhapokha ngati zida za mbali zonse ziwiri zinapangidwira zingwe zotere.

Apa ndinene mosapsatira za njira yachidule imene ena amaphunzitsana, yothyola mwendo wautali wa pamwamba pa pulagi ya miyendo itatu kapena kudula waya wa earth. Phokoso limathadi. Koma waya ameneyo anaikidwa kuti chipangizo chikawonongeka m'kati, magetsi a 230V athawire pansi n'kuzimitsa fyuzi m'malo modikira munthu pa bokosi lachitsulo. Woimba wagwira maiki yachitsulo, wavula nsapato, waponda simenti yonyowa. Palibe kuyera kwa mawu kumene kungalipire ngozi imeneyo.

Ogwiritsa ntchito inveta yotchipa kapena jenereta, monga zimakhalira pa maukwati a kumidzi ya ku Namwera ndi ku Makanjira, amakhala ndi kulira kwawokwawo kochokera ku magetsiwo. Kumeneko sikutsatira kanyali ka disiki, ndiye si nkhani yathu ino.

Zonsezi zikalephera, ganizirani za ukalamba wa makina. M'kati mwa power supply ndi pa bodi muli makapasita, timigolo ting'onoting'ono timene ntchito yake ndi kusalaza magetsi akamadumpha. Timauma ndi kutentha, ndipo amisiri a zamagetsi amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita wa mtundu uwu umadulidwa pakati. Makompyuta ambiri kuno anafika atagwira kale ntchito kwina, kenako n'kukumana ndi Okutobala wa ku Mangochi m'kashopu ka malata, fumbi litatseka fani. Yang'anani pa bodi ndi tochi. Kapasita wabwino ndi wosalala pamutu, wotupa kapena wochucha zofiirira watha. Power supply yokha musaitsegule, imasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Njira yoiyesera ndi kuikapo ina yodziwika kuti ili bwino.

Khadi ya mawu yakunja yolowa pa USB imathandiza chifukwa imatulutsa ntchito yosandutsa manambala kunja kwa bokosi laphokosolo. Koma tating'ono totchipa kwambiri timamwa 5V yomweyo ya kompyuta osaisefa, ndiye nthawi zina phokoso limangotsatira. Ndipo ngati muli ndi disiki yakunja, musaiike pa hub (kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB) imodzi ndi khadi ya mawu. Bowo la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka magetsi okwana 500 mA, la USB 3.0 900 mA, ndipo disiki yakunja ikamadzuka imafuna pafupifupi zonsezo.

## Mawu akamafika mochedwa

Vuto lachiwirili ndiye limavuta kulimvetsa, chifukwa palibe chingwe choti muchigwire.

Nyimbo ya pa CD imadulidwa m'tizidutswa 44,100 pa sekondi iliyonse, mbali ya kumanzere payokha, ya kumanja payokha. Mawu a m'mafilimu kawirikawiri amakhala 48,000. Kachipangizo ka mawu kamafuna tizidutswa timeneti pa liwiro limodzi, osapuma. Purosesa singaime pamenepo kumapereka kamodzikamodzi, ili ndi ntchito zina. Imathira mulu wa tizidutswa m'kamalo kosungira kotchedwa buffer, n'kupita kwina, n'kudzabweranso ndi mulu wina.

Zili ngati kuchigayo. Wogayitsa amathira chimanga m'chotengera chapamwamba chija, chigayo n'kumadya mosalekeza. Atha kutembenuka kukakoka thumba lina, bola abwere chimanga chisanathe. Akachedwa, aliyense pamzere amamva kuti chigayo chikulira chopanda kanthu. Buffer ya tizidutswa 256 imatha pa mamilisekondi 5.8, ya 512 pa 11.6, ya 1,024 pa 23.2. Purosesa ikachedwa ngakhale pang'ono kupitirira apo, funde la mawu limaduka mwadzidzidzi, ndipo kudukako khutu limakumva ngati the. Kukachitika kambirimbiri motsatizana ndiko kuthetheka kuja.

Ambiri amaganiza kuti disiki ikulephera kutulutsa nyimbo mwachangu. Masamu akukana. Nyimbo ya CD yosapanikizidwa imadya pafupifupi 10 MB pa miniti yathunthu, MP3 imachepera apo kwambiri, pomwe disiki ngakhale yakale imawerenga ma MB makumi angapo pa sekondi imodzi. Komanso mapulogalamu oimbira amawerengeratu nyimbo n'kuisunga mu RAM, malo osungira zinthu mwakanthawi amene ndi achangu kutalitali kuposa disiki. Thumba la chimanga lilipo, vuto ndi lakuti wothira wagwidwa mkono. Amene amamugwira ndi awa.

Woyamba ndi driver, kapulogalamu kamene kamalankhulitsa Windows ndi chipangizo chilichonse. Disiki ikamaliza kuwerenga imaitana purosesa, ndipo ntchito yotsatira imaikidwa pamzere wapadera wotchedwa DPC. Za pamzerewu zimadutsa mapulogalamu onse wamba, woimba nyimbo yemwe. Driver wolembedwa bwino amamaliza msangamsanga n'kuchoka. Wolembedwa mosasamala, kapena wosagwirizana ndi makinawo, amakakamira kwa mamilisekondi angapo, buffer n'kuuma. Pali pulogalamu yotchedwa LatencyMon, ya kampani ya Resplendence, imene imaulula wokakamirayo. Iyatseni, imbani nyimbo, kopani fayilo kwa maminiti 10, kenako tsegulani tsamba la Drivers muone amene ali pamwamba. Mayina ngati storport.sys, ataport.sys kapena oyamba ndi iaStor ndi a disiki. Koma musadabwe kupeza ndis.sys, amene ndi wa netiweki ndi Wi-Fi, kapena nvlddmkm.sys wa makhadi a zithunzi a NVIDIA. Zikatero disiki imangonamiziridwa chifukwa inkagwira ntchito nthawi yomweyo, mwina polemba zimene zikutsitsidwa pa intaneti. Ngati alidi a disiki, tengani ma driver a chipset ndi a storage patsamba la amene anapanga kompyutayo, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo. Ena amapeza mpumulo pobwerera ku wa Microsoft wotchedwa Standard SATA AHCI Controller. Chenjezo limodzi: kusintha SATA mode (njira imene kompyuta imalankhulira ndi disiki) mu BIOS (pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanayake), kuchoka pa IDE kupita pa AHCI, Windows itaikidwa kale, kutha kuchititsa kuti kompyuta ikane kuyaka. Zimenezo asiyireni odziwa.

Wachiwiri, amene ndimamukayikira poyamba pa makina a 4 GB, ndi kuchepa kwa RAM. RAM ikadzaza, Windows imasamutsira zina pa disiki, m'fayilo yotchedwa pagefile. Pulogalamu yoimba ikafuna kachidutswa kake kamene kasamutsidwira kumeneko, imaima chilili kudikira kambale kazungulire. Apa mpamene mamilisekondi 8 aja amaluma, chifukwa buffer ya 256 imakhala itauma kale. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, muone Memory. Ikakhala pafupi kudzaza uku Disk ili pa 100%, mwamupeza. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo ambiri akukankhira Windows 11 m'makina akale. Windows 11 imafuna 4 GB ngati poyambira penipeni, ndiye mukawonjeza Chrome ndi masamba ake, malo amatha. Kutseka zosafunika n'kwaulere, kuwonjezera RAM n'kotchipa kuposa sipika yabwino.

Wachitatu ndi mzere wa mapulogalamu olimbirana disiki. Mu Task Manager yomweyo dinani pamutu wa Disk kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Mupeza Windows Update, Microsoft Defender ikusanthula mafayilo, Windows Search ikulemba kaundula wake, kapena SysMain, imene kale inkatchedwa Superfetch. Onsewa akamakoka kamkono kamodzi komweko, kamathera nthawi paulendo m'malo mowerenga. N'chifukwa chakenso kukopera makasitomala atatu nthawi imodzi kuchokera pa disiki imodzi kumachedwa kuposa kuwakopera mmodzimmodzi. SysMain mutha kuiimitsa n'kuona ngati pali kusintha. Koma pulogalamu yoteteza ku mavayirasi, m'shopu imene mumalowa mafulashi ochokera kulikonse, sindingalangize kuizimitsa. Ingoiuzani kuti izisanthula usiku.

Wachinayi ndi tulo. Pa Power Options pali mzere wakuti Turn off hard disk after, umene Windows imauika pa maminiti 20 kompyuta ikakhala pamagetsi. DJ amene amasunga nyimbo zina pa disiki yachiwiri amazidziwa izi. Waimba kwa theka la ola kuchokera pa yoyamba, mwini ukwati wapempha nyimbo ya perekaniperekani imene ili pa inayo, disikiyo yagona, ndipo imatenga masekondi angapo kuti idzuke, mwina n'kudodometsa ndi nyimbo ili m'sipika. Ikani pa 0, kutanthauza kuti isagone, musankhenso High performance. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha, choncho kupemerera fumbi pa fani nakonso ndi mankhwala a mawu.

Kwa amene akadali ndi makina a nthawi ya Windows XP, a zingwe zophwatalala za IDE, pali vuto lina lakale. Mwachibadwa disiki imasamutsa zinthu kupita mu RAM yokha, njira yotchedwa DMA. Zolakwika powerenga zikachuluka, monga zimene amabweretsa ma CD okalika, Windows imatsitsa liwiro mpaka kufika pa PIO, pomwe purosesa imanyamula kachidutswa kalikonse ndi manja ake, mawu n'kusowa wowasamala. Zimaoneka mu Device Manager, pa IDE ATA/ATAPI controllers. Kuchotsa pamenepo channel ya disikiyo n'kuyatsanso kompyuta kumaibwezera pa DMA.

## Disiki ikamadwala

Disiki ikakumana ndi malo ofooka pa kambale imabwereza kuwerenga kambirimbiri isanagonje, ndipo pa nthawi yonseyo aliyense akudikira. Mwamwayi disiki imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART, imene pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaiwerenga n'kulemba Good, Caution kapena Bad. Mizere itatu ndiyo yofunika kwambiri. Reallocated Sectors Count ikunena za malo amene anafa n'kulowedwa m'malo ndi osungira. Current Pending Sector Count ndi malo okayikitsa amene sakuwerengeka pakadali pano. Manambala awiriwa akamakwera, disikiyo musaidalirenso. Wachitatu, UltraDMA CRC Error Count, nthawi zambiri saloza disiki koma chingwe cha SATA chimene chakhwefuka kapena kuwonongeka, ndipo chingwe chatsopano chimathetsa nkhani. Pulogalamuyi imaonetsanso kutentha kwa disiki. Opanga ambiri amaika malire pa madigiri 60, koma si nzeru kukhala pafupi ndi pamenepo. Magetsi akamazima mwadzidzidzi disiki ili pakati polemba, mafayilo amawonongeka, ndiye pa makina opezera ndalama ka UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta yoyaka magetsi akazima, kamadzilipira kokha.

## Nanga kuika SSD?

SSD ndi chosungira chopanda kambale kapena kamkono, ndipo imayankha pa kagawo kochepa ka milisekondi. Amene amati imathetsa kuthetheka akunena zoona ngati vuto linali mzere, pagefile, tulo kapena disiki yodwala. Amene amati anaika koma palibe chinasintha nawonso sakunama. SSD sikonza driver wokakamira, sithetsa ground loop, ndipo katswiii kotsatira kanyali ka disiki nthawi zambiri kamachokera ku purosesa imene imadzuka n'kukoka mphamvu disiki ikaiitana. Kameneko kamatsala ngakhale mutachotsa chilichonse chozungulira.

## Kwa ojambula mawu

M'situdiyo buffer mumasankha nokha, mu FL Studio, Cubase kapena pulogalamu ina iliyonse, kudzera pa driver wa mtundu wa ASIO, amene amalumikiza pulogalamu ndi khadi ya mawu mwachindunji. Buffer yaing'ono imachititsa kuti woimba adzimve m'mahedifoni nthawi yomweyo, koma imauma msanga. Yaikulu ndi yotetezeka, koma woimba amadzimva mochedwa n'kuyamba kusokonekera. Chizolowezi cha ambiri ndi kujambula pa 128 kapena 256, n'kukweza kufika pa 1,024 posakaniza, pomwe palibe akuimba. Ngati khadi yanu ili ndi batani la direct monitor, woimba amadzimva mawu asanalowe m'kompyuta, ndiye mutha kujambula ndi buffer yaikulu popanda dandaulo. Zimitsani Wi-Fi kwaya isanayambe, ndipo ngati muli ndi madisiki awiri, mawu azilembedwa pa imene ilibe Windows.

Funso lowawa ndi la zimene zajambulidwa kale. Tulutsani nyimboyo ngati fayilo, muiike m'foni, mumvetsere ndi mahedifoni. Ikamveka yoyera, kuthetheka kunali kwa pomvetsera pokha ndipo ntchito yanu ili bwino. Ikathetheka pa malo omwewo nthawi zonse, ndiye kuti kunalowa pojambula. Katswiii ka magetsi kamachepetseka ndi zida zochotsera phokoso, ngakhale mawu amapyapyala mukanyanyira. Ka the kamodzikamodzi kamakonzeka mu Audacity ndi chida cha Repair, chimene chimagwira tizidutswa tosapitirira 128 nthawi imodzi, ndiye muyenera kukuza funde la mawu mpaka kukaona ndi maso. Koma pomwe buffer inauma pojambula, tizidutswa ta mawuwo sitinalembedwe paliponse. Ngati mipatayo ndi yambiri, konzani makina kaye, muyese kwa maminiti angapo mukuwomba m'manja pa maiki uku mukukopa fayilo, kenako muwaimbire a kwaya kuti adzabwereze ndimeyo.